Kukhota kwa khobidilo si umboni woti ndi labodza

Achimwene, mwafunsa ngati khobidi lasiliva la ku Milan, mzinda wa ku Italy, lomwe mwajambulali ndi labodza, poti m'mbali mwake ndi mokhotakhota ndipo mutu wa munthuyo sunakhale pakati. Kukhotako kusakudetseni nkhawa. Makobidi akale ankawasula pamanja, limodzilimodzi. Wosula ankadula kachidutswa ka siliva, n'kukayeza pa sikelo, n'kukaika pa chidindo chachitsulo chozikika m'chipika, chidindo china pamwamba, kenako hamala, khoo! Dzanja likaterereka pang'ono chithunzi chinkathawira kumbali, mwinanso zilembo n'kudindika kawiri. Panalinso akathyali omwe ankameta m'mphepete mwa khobidi n'kumasunga tinyenyeswa tasilivato, khobidilo n'kukagulira zinthu ngati lathunthu.

Ngati dzina lili pamenepo ndi la Galeazzo Maria Sforza, yemwe ankalamulira Milan, limenelo ndi testone, lomwe Milan inayamba kusula mu 1474. Testa m'Chitaliyana ndi mutu. Kuika nkhope yeniyeni ya wolamulira, yoti anthu n'kumuzindikira, chinali chinthu chachilendo ndithu. Venice, mzinda winanso wa ku Italy, inali itayesa mu 1472 ndi nkhope ya mtsogoleri wake Nicolò Tron, koma eni mzinda sanakondwe nazo, ankati zikununkha ufumu.

Makobidi anayamba kukula chifukwa siliva anachuluka m'migodi ya ku Tyrol (ku Austria) ndi Saxony (ku Germany). Mu 1486 Sigismund, wolamulira wa ku Tyrol, anasulitsa chikhobidi cha magalamu pafupifupi 32 mumzinda wa Hall. Cha m'ma 1520 a banja la Schlick anayamba kusula ofanana nalo ku Joachimsthal, ku Bohemia (m'dziko la Czech Republic lero). Anthu anafupikitsa dzinalo n'kukhala thaler, ndipo dola yomwe timailirayi dzina lake linachokera kumeneko.

Makina opanga makobidi obulungira bwino anachedwa kulandiridwa. Eloy Mestrelle, wosula ndalama wa ku France, anawayambitsa ku London mu 1561, koma patapita zaka zingapo anamuchotsa ntchito, ndipo mu 1578 ananyongedwa chifukwa chopanga ndalama zachinyengo. England inasiya hamala mu 1662.

Tsono inu chitani izi: liyezeni pa sikelo ya osula ndolo. Testone la Galeazzo limayandikira magalamu 10. Yandikizani maginito, siliva sakakamira. Yang'ananinso ngati lili ndi timaenje ngati ta thovu kapena kamzere kozungulira m'mphepete, chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti anachita kuthira m'chikombole. Ndipo chonde musalikweche ndi phulusa kapena sitiliwulu, kudako ogula amakufuna.