Lakers: dzina la nyanja linachokera kuti?

Funso: Akonzi, ndimakonda timu ya basketball ya Los Angeles Lakers. Ndamva kuti dzina lake limanena za nyanja. Nyanja zake ziti? Nanga yasewerera m'mabwalo ati? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Dzinali silinabadwire ku Los Angeles, abale athu. Timuyi inayamba mu 1946 ngati Detroit Gems, ndipo mu 1947 inasamukira ku Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota chomwe chili ndi nyanja zikwizikwi, n'kutenga dzina loti Lakers, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti lake, omwe amatanthauza nyanja. Kumeneko, wosewera wake George Mikan akuitsogolera, inapambana zikho zisanu pakati pa 1949 ndi 1954. Posamukira ku Los Angeles mu 1960, inanyamula dzinalo.

Ku Los Angeles inayambira pa Memorial Sports Arena mpaka 1967, pamene mwini timuyo Jack Kent Cooke anamanga bwalo la The Forum ku Inglewood. Ndi pamenepo Magic Johnson ndi Kareem Abdul-Jabbar anatengera zikho zisanu m'zaka za m'ma 1980. Mu 1999 inalowa mu Staples Center, lomwe kuyambira Disembala 2021 limatchedwa Crypto.com Arena.

Bwaloli limagwiritsidwanso ntchito ndi Los Angeles Kings, timu yosewera pa madzi oundana. Madziwo sawasungunula ayi. Amayalapo mbale zotchinga kuzizira, kenako amalumikiza matabwa osewererapo basketball, chidutswa ndi chidutswa. Vuto limabwera kunja kukatentha ndiponso mpweya ukakhala wachinyezi: nthunzi imagwa ngati mame pamatabwa ozizirawo, pansi pamaterera, osewera n'kuvulala. N'chifukwa chake makina oumitsa mpweya amayenera kugwira ntchito masewera asanayambe.