Mafomu onse anabwera ndi "zili bwino"

Mayi wina wanditumizira imelo. Amayendetsa kabungwe kothandiza ana amasiye, ndipo a bodi amuuza kuti afunse maganizo a anthu othandiza ndi ndalama komanso mavolontiya. Akuti, "Kodi tiphunzirapo kanthu, kapena tingotaya mapepala?"

Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinazichitapo. Ndinali m'komiti ya kabungwe kena koyang'anira sukulu za mmera mpoyamba, zija timati ma CBCC, m'midzi ya ku Zomba. Alezi onse anali ongodzipereka. Kulawirira kumjigo, kusonkha moto, kuphika phala la likuni, kenako kuimba ndi ana mpaka dzuwa pamutu, osalandira kalikonse. Tinakonza mafunso athu, kuwasindikiza m'tauni, ine n'kukwera kabaza kukagawa. Ndinavala tisheti ya bungwe, n'kuimirira kutsogolo, amfumu ali pampando pambali panga, ndikuti, "Lembani momasuka." Mafomu atabwera, onse mawu ake amodzimodzi: zili bwino, tikuthokoza, Mulungu akudalitseni. Ndinanyadira. Lipoti ndinalemba usiku womwewo.

Mvula isanagwe, alezi angapo anali atasiya.

Amene anandiuza zoona ndi agogo ena, mmodzi wa alezi aja, omwe fomuyo sanailembe n'komwe, poti kulemba kumawavuta ndipo anachita manyazi kupempha mnzawo. Tinakumana kuchigayo, iwo atakhalira thumba la mphale kudikira magetsi. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwanangu, munthu wakubweretsera ufa wa phala, ungamuuze pamaso pa amfumu kuti walakwa?" Basi anayamba kuwerenga ndi zala. Nkhuni amatenga kunyumba kwawo. Sopo wotsukira mapoto ndi wawo. Nthawi yopalira, munda wawo umamera tchire iwo ali ndi ana a eni. Koma chimene chinkawawa anthu kwambiri n'chakuti maphunziro a kuboma, aja okhala ndi alawansi, ankapita anthu awiri omwewo, oyandikana ndi wapampando. Pa mafunso anga onse panalibe ngakhale limodzi loyandikira kumeneko. Ine ndinafunsa kuti, "Kodi mukukhutira ndi ntchito ya bungwe?" Funso la bwana, lofuna kuwomberedwa m'manja.

Ndiime kaye pa nkhani ya alawansiyi, chifukwa imanditentha mtima. Anthu a m'maofesi timakonda kunena kuti anthu a kumudzi anaonongeka, sabwera kumsonkhano ngati palibe envelopu. Onena zimenezi ndi omwe aja amakachitira misonkhano kunyanja ku Mangochi, n'kusainira alawansi ya tsiku lililonse. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Sopo anakwera, shuga anakwera, thiransipoti inakwera. Ife tinakonzanso bajeti ya mafuta a galimoto. Ya mlezi wogula sopo ndi ndalama ya mandasi ake anaikonza ndani? Volontiya akafunsa "ya sopo" si dyera. Iyeyo ndiye amene akuthandiza bungwe lanu, kungoti dzina lake sililowa m'buku la msungichuma.

Kwa othandiza ndi ndalama ndinaphonyanso, mwa mtundu wina. Athu anali Amalawi anzathu: ena ku Johannesburg ndi ku UK otumiza pa Mukuru, ena ku Lilongwe otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Tinawaponyera fomu ya pa intaneti ya Google Forms pa WhatsApp. Anayankha ndi okhawo otikonda kale. Ine ndinkaganiza kuti akufuna malipoti a odita. Nditaimbira bambo wina amene anali atasiya kutumiza, anaseka kaye. Anati namondwe wa Freddy atagumula Chilobwe ndi Soche mu March 2023, iye anasonkha m'magulu angapo, ndipo kwathunso ankatumiza mwezi ndi mwezi, koma ngakhale kameseji koti "yafika, zikomo" sanakaone. "Ndimagwira ntchito usiku kuno, achimwene. Ndinkangofuna kudziwa kuti ana adya." Ndinasowa poyang'ana, ngakhale tinali pafoni.

Ndiye ine maganizo anga anauma: fomu yogawidwa ndi mwini bungwe imayeza ulemu wa anthu basi. Ndipo ulemu Amalawi tili nawo wochuluka.

Tsono muchite bwanji?

Funsanibe, mayi, koma mafunso akhale ochepa, asanu akwana. Wofunsa asakhale inu kapena wa m'komiti, ndipo amfumu ndi apampando asakhalepo. Mavolontiya afunsidwe pakamwa, m'timagulu, amayi paokha. Funsani zogwirika: mwezi wathawu mwatulutsa zingati m'thumba mwanu chifukwa cha ntchitoyi? Chingakusiyitseni n'chiyani? Othandiza aimbireni foni, muyambe ndi amene anasiya. Zimene mwamva mukawauzenso eni ake, pamodzi ndi chimene musinthe. Ngati a bodi sanakonzeke kusintha kanthu, dikirani, chifukwa munthu amene wafunsidwa n'kusaona kusintha ulendo wachiwiri amangoti zili bwino.

Ife tinayamba kusinthana opita kumaphunziro, mayina n'kumawamata pakhoma la sukulu, ndipo sopo tinamuika mu bajeti. Agogo aja sanabwerere. Nditapita kukawapempha, anati mawondo akuwawa, n'kundipatsa chinangwa chophika choti ndidye panjira.