Danny Faure adagwetsa rupee koma adafika pa upulezidenti: zidatheka bwanji?

Akulu, mwafunsa kuti nduna ya zachuma ya ku Seychelles idapulumuka bwanji pandale itagwetsa mphamvu ya ndalama ya dziko lake. Pali mbali ziwiri: momwe ntchitoyo idagwiridwira, ndi malamulo a kumeneko.

Danny Faure adakhala nduna ya zamaphunziro mu 1998, ndipo mu 2006 Pulezidenti James Michel adam'patsa unduna wa zachuma. Zinthu zinali zitaipa kale. Boma linkadziikira lokha mtengo wa rupee, madola ankasowa m'mabanki, anthu n'kumakagula kuseri pamtengo wokwera. Ngongole inali itaposa chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pachaka, ndipo mu 2008 boma lidalephera kubweza ngongole zakunja.

Mu November 2008 Faure adaisiya rupee kuti mtengo wake uzichokera pamsika, n'kuchotsanso ziletso zogulira ndalama zakunja. Mtengo wa dola udawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo pakutha kwa chakacho zinthu zinali zitakwera mtengo ndi 60 peresenti n'kupitirira. Chomwe chidathandiza n'chakuti njira zonse adaziyendetsa nthawi imodzi. Banki yaikulu idakweza chiwongoladzanja kuti anthu asathawire ku dola. Boma lidachepetsa ogwira ntchito ake, lidasiya kuchepetsera aliyense mitengo ya katundu n'kuyamba kuthandiza mabanja osauka okha. IMF idavomereza ngongole ya madola pafupifupi 26 miliyoni, ndipo mu April 2009 maiko obwereketsa ndalama a m'gulu la Paris Club adalola kukhululuka 45 peresenti ya ngongole yomwe Seychelles inali nayo kwa iwo. Pofika kumapeto kwa 2009 mitengo inali itakhazikika. Apa m'pomwe maboma ambiri amagwa: amagwetsa ndalama koma osachepetsa kuwononga, ndiye pakapita miyezi ingapo madola amasowanso, anthu atavutikira pachabe.

Mbali ya malamulo ndi yomwe ambiri saidziwa. Ku Seychelles nduna sikhala phungu. Faure analibe dera lomwe anthu okwiya akadamulangira ndi voti. Womuyesa anali Michel, yemwe mu 2010 adam'sankha kukhala wachiwiri wake. Mu 2015 Michel adapambana chisankho cha upulezidenti, koma adaposa wopikisana naye ndi mavoti 193 okha. Mu September 2016 mgwirizano wotsutsa wa LDS udatenga mipando 19 mwa 33 ya aphungu, Michel n'kutula pansi udindo, ndipo pa 16 October Faure adalumbira kukhala pulezidenti popanda chisankho.

Adalamulira zaka zinayi nyumba ya malamulo ili m'manja mwa otsutsa. Ataimira upulezidenti payekha mu October 2020, Covid-19 itaimitsa ntchito zokopa alendo zomwe dzikolo limadalira, Wavel Ramkalawan wa LDS adam'gonjetsa atapeza mavoti pafupifupi 55 peresenti. Faure adavomera kugonja, ndipo chipani chomwe chidalamulira kuyambira 1977 chidatuluka m'boma.