Bwanji Facebook Yayamba Kunditopetsa?

Funso: Ndakhala pa Facebook zaka zambiri, koma masiku ano ndikangoitsegula ndimamva kutopa. Kodi vuto ndi ine? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Si inu nokha ayi. Facebook, yomwe inayamba mu 2004, imapeza ndalama potsatsa malonda, choncho inakonzedwa kuti nkhani zisamathe pamene chala chanu chikukankhira m'mwamba. Mukawonjezerapo magulu a WhatsApp a kumpingo, a maliro ndi a ukwati, omwe amaliza foni ngakhale pakati pa usiku, komanso zithunzi za anzanu atatsamira galimoto, mwina yobwereka, mutu umalema bandulo isanathe n'komwe. Zimitsani kabelu ka mauthenga, ndipo usiku foni izigona pabalaza.