Nsengwa ikamatuka msanga: yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Mayi wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu wanditumizira imelo. Mng'ono wake anabereka mwana wakufa kale mimba ili ndi miyezi 8. Anamwino anati nsengwa inamatuka nthawi isanakwane, koma kumudzi ena akuti ndi mapinga. Funso lake ndi lakuti, kodi alipo amene akufufuza zimenezi?

Pepani kwambiri, achemwali. Ndiyambe ndi ichi: mng'ono wanuyo sanalakwe kanthu, ndipo a kuchimuna amve zimenezi.

Nsengwa ndiyo imapatsa mwana mpweya ndi chakudya kudzera mu mchombo. Ikamatuka pa chiberekero mwana asanabadwe, mpweyawo umaduka. Kawirikawiri zimayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Mimba imauma gwa, ululu osaleka, ndipo nthawi zina magazi amatayikira mkati osaoneka kunja. Bungwe la United Nations linati mu 2021 ana pafupifupi 1.9 miliyoni anabadwa akufa pa dziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa kuno ndi kummwera kwa Asia.

Kafukufuku alipo, ndipo Malawi ali mkati mwenimweni. Pa mavuto a nsengwa, chimene chafufuzidwa kwambiri kwathu kuno ndi malungo. Tizirombo take timakamatirira mu nsengwa, mayi osamva kutentha thupi, mwinanso kuyeza magazi a pachala osapeza kanthu, pamene mwana akuperewera chakudya mkatimo. Madokotala athu ndi a bungwe la zaumoyo la CDC la ku America anazitsatira ku Mangochi kuyambira mu 1987, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka Fansida kwa amayi oyembekezera ngakhale asakudwala. Mapilitsi atatu aja anamwino amakumwetsani pamaso pawo ku sikelo ya pa chipatala cha Mapale anachokera kumeneko. Ndimadandaula ndikamva kuti ena amawabisa m'chitenje.

Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa IMPROVE, amene anachitika ku Kenya, Malawi ndi Tanzania. Mankhwala atsopano anaposa Fansida poteteza malungo, koma ana a amayi amene anamwa Fansida ndiwo anabadwa onenepako. Chipatala chimodzi pachokha sichikanaona kusiyana kumeneku. Panafunika amayi masauzande a m'mayiko atatu.

Mng'ono wanuyo akadzaimanso, ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo adzauze anamwino zonse zinachitikazi kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa vutoli limatha kubwereza. BP ayezedwe ulendo uliwonse. Chindoko akayezetse pamodzi ndi bambo a kunyumba, pakuti nachonso chimapha mwana m'mimba koma chimachira ndi jakisoni wa penisilini. Akaona magazi, kutupa nkhope, mutu wosamva mankhwala, kapena mwana atasiya kusewera m'mimba, asadikire kuti kuche. Apite ku chipatala cha Mzuzu Central usiku womwewo.