Yankho kwa amene mwafunsa za phindu la zipilala ndi malo a mbiri m'chigawo cha Tete

Bambo, mwafunsa ngati zipilala, milatho ndi nyumba zakale zimathandiza munthu wamba kuno ku Tete, kapena ngati zimangokongoletsa mzinda. Ndiloleni ndikuyankheni monga munthu wa ku Ulónguè amene wayenda msewu wa ku Tete kwa zaka zambiri. Phindu lilipo ndithu, koma limafika m'thumba mwa anthu pokhapokha mlendo akaima, kutsika galimoto, kudya, ndipo mwinanso kugona pomwepo.

Taonani mlatho wa Samora Machel umene umaoloka Zambezi mumzinda wa Tete. Unamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kwa nthawi yaitali malole onse ochokera ku Zimbabwe kupita ku Malawi kudzera ku Zóbuè ankadutsa pamenepo. Madalaivala akamadikira pamzere, amayi ankagulitsa nsima, nyama yambuzi yootcha ndi madzi ozizira, zimene sizisowa wogula m'dziko lotentha ngati limeneli. Mlatho watsopano wa Kassuende, umene umaolokanso Zambezi kunja kwa mzindawu, utatsegulidwa mu 2014, malole olemera anayamba kulambalala pakati pa mzinda. Mlatho wakale udakali wokongola monga kale, ndipo alendo amaujambulabe dzuwa likamalowa, koma ena mwa amayi aja ndinawaona akusamutsa mbaula zawo kutsatira malolewo.

Za damu la Cahora Bassa sindichulukitsa mawu, chifukwa aliyense amadziwa kuti linamalizidwa mu 1974, limatulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075, ndiponso kuti linabwera m'manja mwa Mozambique mu 2007. Tauni ya Songo inakula chifukwa cha damuli, ndipo nyanja ya damuli imadyetsa asodzi a kapenta ndi ogulitsa nsomba zouma za chicoa.

Pamene mtima wanga umawawa ndi ku Boroma. Tchalitchi chimene ansembe a Chijezuiti anamanga paphiri pafupi ndi Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi chimodzi mwa zinthu zochititsa kaso kwambiri m'chigawo chino, koma popeza chili pafupi ndi mzinda, mlendo amafika m'mawa, kujambula zithunzi, n'kubwerera kukadya ndi kukagona ku Tete, moti mwini mudzi amangotsala ndi fumbi la galimoto. Pakanakhala achinyamata a m'deralo ophunzitsidwa bwino kufotokoza mbiri ya malowo, komanso kamsika kaukhondo ka masau, malambe, mphasa ndi miphika, mlendo yemweyo akanasiya ndalama pang'ono m'mudzimo. Zimenezi sizifuna ndalama zochuluka ngati zomangira chipilala chatsopano. Zimafuna kuti mafumu, mpingo ndi boma la dera agwirizane za amene atolere ndalama za pakhomo ndi gawo limene lipite kokonza denga ndi msewu.

Ndisaiwale kunena kuti si malo onse amene tiyenera kuwayeza ndi ndalama. Chipilala cha ku Wiriyamu, kumene asilikali a atsamunda a Chipwitikizi anapha anthu ambirimbiri pa 16 December 1972, ndi malo a maliro, ndipo phindu lake ndi lakuti ana a sukulu akapitako amabwera akudziwa zimene agogo awo anaona. Kumeneko sindingakonde kuona munthu akukweza wailesi pofuna kuitana ogula mowa.