Tifunseni: Maina Odzipatsa pa Intaneti ndi Magalimoto Amakedzana

Mafunso a mwezi uno ayankhidwa ndi amakanika odziwa injini zakale pamodzi ndi katswiri wa makompyuta.

FUNSO: Akonzi, anthu ambiri pa intaneti salemba maina awo enieni. Wina amadzitcha dzina la galimoto, wina la nyama, kumapeto n'kuikako manambala. Zinayamba bwanji? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, khalidweli ndi lakale kuposa intaneti. M'zaka za m'ma 1970 madalaivala a malole ku America ankalankhulana pa timawailesi ta m'galimoto totchedwa CB. Mafuta atasowa mu 1973, boma linalamula mu 1974 kuti galimoto isapose mamailosi 55 pa ola. Madalaivalawo anayamba kutsinana khutu pa wailesi za pamene apolisi abisala ndi kumene kukupezeka mafuta. Wotsina anzake khutu za apolisi satchula dzina la pa laisensi yake. Aliyense anadzipatsa lake, ankati ndi handle, ndipo mawu omwewo ndi amene akugwirabe ntchito pa intaneti lero.

Makompyuta anabweretsa vuto lina, la kuchepa kwa malo. Makina akale a Unix ankalola dzina la zilembo 8 zokha. IRC, njira yochezera imene Jarkko Oikarinen anayambitsa ku Oulu m'dziko la Finland mu 1988, inkalola zilembo 9. Chimwemwe akanakwana ndendende, koma Chikumbutso akanayenera kudula mchira. Twitter ya mu 2006, yomwe pano ndi X, inaima pa 15. Komanso makina salola anthu awiri kukhala ndi dzina limodzi, choncho wobwera mochedwa amapachikapo nambala. Kachizindikiro ka @ anakasankha ndi Ray Tomlinson mu 1971, kuti kalekanitse dzina la munthu ndi la kompyuta imene kalata yake ya email ikupita.

Kwathu kuno si zachilendo. Agogo athu obwerera ku Joni ndi ku Halale ankafika ndi maina ngati Supuni, Foloko ndi Tebulo, ndipo ena anasanduka maina a mabanja. Chenjezo lathu lili pa manambala aja. Musaikepo chaka chimene munabadwa, chifukwa ndi chimodzi mwa zimene mbava za ndalama za pa foni zimafuna kuti zinamizire kukhala inuyo. Nambala ya galimoto yanu nayonso ikhale pa galimoto pomwepo.

FUNSO: Malemu bambo anga anakhalitsa ku South Africa, ndipo ankakonda kutchula Kanniedood ndi Zola Budd ngati ndi anthu. Ndinadziwa mochedwa kuti ndi magalimoto. Amapereka mainawa ndani? Mnyamata wa ku Mzimba

YANKHO: Achimwene, amapereka ndi okwera, osati kampani. Kanniedood ndi Chiafrikaans, kutanthauza chinthu chosafa. Ndi kapikapu ka Nissan 1400, kamene kanayamba ngati Datsun 1200 mu 1971 n'kupangidwabe mpaka 2008 maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Zola Budd anali mtsikana wothamanga wopanda nsapato amene anatchuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo dzina lake linagwera minibasi ya Toyota HiAce chifukwa cha liwiro. Abale athu a ku Zimbabwe akamati akukwera kombi amatchula mawu a Chijeremani, Kombinationskraftwagen, dzina la kabasi ka Volkswagen ka mu 1950 komwe kanasiya kupangidwa ku Brazil mu 2013. Lero minibasi iliyonse kumeneko ndi kombi, ingakhale ya ku Japan.

Yoposa zonse pa maina ndi Volkswagen yansana wozungulira ija. Mu 1938 inkatchedwa KdF-Wagen, dzina louma lomwe palibe analikonda. Ajeremani anaiti Käfer, kachikumbu, Angerezi Beetle, ku Brazil Fusca, ku Mexico Vocho, Ayoruba a ku Nigeria ijapa, kutanthauza kamba, ndipo ku Tanzania mgongo wa chura, nsana wa chule. Kampani inachita kugonjera anthu n'kuyamba kulemba dzina la chikumbulo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

FUNSO: Malume anandisiyira Beetle ya injini ya 1600 yomwe yakhala m'galaja zaka 6 osalira. Anzanga akuti ndingoika batire latsopano ndi petulo. Ndichite zimenezo? Mphunzitsi wa ku Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo akuphetsani injini. Kiyi akhale m'thumba kaye.

Yambani ndi kuchotsa mapulagi onse anayi, muthire supuni imodzi ya oyilo m'silinda iliyonse, igone masiku awiri. Kenako zunguzani injini ndi dzanja pa bawuti ya pule ya m'munsi, sipanala ya 30. Ikakana musakakamize, maring'i agwirana ndi dzimbiri ndipo athyoka. Ikazungulira, gwirani puleyo ndi manja awiri, muikoke ndi kuikankha. Kusewera kololedwa sikupitirira mamilimita 0.15, komwe ndi maso simungakuone. Mukamva kuti kho kho, injiniyo ndi yofunika kuphwasula.

Chachiwiri ambiri amachiiwala. Injini iyi ilibe redieta, imazizira ndi mpweya wochokera ku fani yomwe ili m'chibokosi chachitsulo pamwamba pake. Galimoto ikakhalitsa, makoswe amamanga zisa m'chibokosimo ndi pakati pa zipsepse za masilinda. Pisani dzanja kuseri kwa fani, unikani ndi tochi, tulutsani nsanza ndi zikonyo zonse. Onaninso kuti timalata tozungulira injini tilipo tonse, pamodzi ndi labala yotseka mpata wa pakati pa injini ndi bodi. Amakanika ena amataya timalatati poganiza kuti n'tokongoletsa chabe. Tikasowa, fani imakoka mpweya wotentha wochokera pansi, ndipo injini imapsa pa chitunda choyamba.

Tsopano petulo, pamene pali ngozi yeniyeni. Khuthulani thanki yonse, ili kutsogolo ndipo imalowa malita pafupifupi 40. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amaumitsa labala yakale mpaka kung'aluka, amakokanso madzi amene amadya thanki pansi. Sinthani mapaipi onse a labala, mugule olembedwa kuti R9, ndipo nsonga iliyonse imangidwe ndi kilipi. Gwedezani kapaipi kamkuwa kolowa m'kabuleta. Kanangokhomeredwa, kalibe mazinga, ndipo kakasololoka petulo amapopera pa disitibyuta pomwe pali moto. Ma Beetle ambiri anapsa motero. N'chifukwa chake sefa ya petulo isalendewere pakati pa pampu ndi kabuleta, kulemera kwake kumakoka kapaipiko. Iikeni pansi pa thanki. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo. Livundikireni ndi labala pamwamba, poti munthu wonenepa akakhalapo masipuling'i a mpando amakhudza mitu ya batire.

Oyilo amalowa malita 2.5 okha. Sefa yeniyeni palibe, pali kasefa kawaya pansi pa injini kogwidwa ndi manati 6 a sipanala ya 10. Katsukeni ndi petulo, muike magasiketi awiri atsopano, ndipo manatiwo mumange ndi zala ziwiri pa sipanala, chifukwa timabawuti take timazuka msanga. Pa kutentha kwa kuno oyilo wa 20W-50 ndi wabwino. Buku limati musinthe pa makilomita 5,000 alionse, koma m'misewu yafumbi ife timati 3,000.

Mavavu amayezedwa injini itazizira usiku wonse, mpata wake mamilimita 0.15, olowetsa ndi otulutsa omwe. Vavu yolira pang'ono si yoopsa. Yoopsa ndi yachete, yothina, chifukwa sikhala bwino pa mpando wake kuti itaye kutentha, ndipo pamapeto mutu wake umaduka n'kuboola pisitoni. Yokonda kutero ndi yotulutsa utsi ya silinda 3, ya kumanzere chakutsogolo, makamaka pa injini za 1971 isanafike, pomwe choziziritsa oyilo chinkatchinga mpweya wa mbali imeneyo. Mapointi a m'disitibyuta apatseni mpata wa mamilimita 0.4, mapulagi 0.6, ndipo mawaya atsatane 1-4-3-2.

Lamba wa fani akhale watsopano, wina wapadera azikhala m'galimoto. Mukamudina ndi chala chachikulu alowe pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Kagetsi kofiira ka jenereta kakayaka muli pa ulendo, imani pomwepo. Pa magalimoto ambiri kamangonena za batire, koma pa Beetle kangatanthauze kuti lamba waduka ndipo fani yaima.

Injini ikalira musathamangire kumsewu. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, timapisitoni ta m'mawilo timagwira, ndipo mapaipi a labala amatupa mkati ngakhale kunja akuoneka bwino. Sinthani zonsezo. Pa tayala pali manambala anayi: 2315 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2015. Tayala lopitirira zaka 10 litayeni ngakhale mapanga ake ali akuya. Pomaliza tengani sikuludiraiva mubaye pansi pa batire ndi m'mphepete mwa pansi pa zitseko. Ikalowa ngati m'papaya wakupsa, ndalama yoyamba ipite kwa wowotcherera, penti adikire.

FUNSO: Amuna anga amathera Loweruka lililonse pansi pa Peugeot 504. Ndalama zomwe zalowamo tikanagula galimoto ya ku Japan. Chimawakoka n'chiyani? Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Mayi, pa masamu mwawina ndinu. Galimoto imeneyi, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, imamwa petulo wambiri, ilibe matumba a mpweya oteteza pa ngozi, ndipo sipeya zake n'zochita kusaka. Ikhale yachiwiri pakhomo, osati yodalira pa matenda a usiku.

Koma bambowo sanapenge. 504 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya mu 1969, Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndipo ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kalekale. Masipuling'i ake ndi aatali ndi ofewa, imameza mabampu mmalo mokuponyerani kudenga. Chachikulu n'chakuti ikazima imauza mwini wake chifukwa. Pamafunika moto, petulo ndi mpweya, ndipo zonse zitatu munthu amaziyesa ndi maso, khutu ndi masipanala ochepa pansi pa mtengo wa mango. Galimoto yamakono ikadwala imafuna kompyuta. Gwirizanani ndalama ya pamwezi yoti isapitirire, ndipo muumirire kuti mabuleki ndi malamba a pampando zikonzedwe wailesi isanagulidwe.

FUNSO: Land Rover Series III yanga ikafika pa tala chiwongolero chimalemera, matayala n'kumalira pokhota. Vuto n'chiyani? Mlimi wa ku Ntchisi

YANKHO: Bambo, yang'anani kandodo ka mutu wachikasu. Ngati kali pansi, injini ikuzunguza mawilo onse anayi. Land Rover za mtundu uwu, za 1971 mpaka 1985, zilibe difu ya pakati, choncho mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana. Pa dothi tayala limaterereka pang'ono, mphamvu ya kukakamizanako n'kutha. Pa tala imaunjikana m'magiya mpaka shafuti ya kumbuyo kuthyoka. Imani, kokerani kandodo kofiira kumbuyo, mukabwezerenso kutsogolo, kachikasu kadumpha kokha. Ngati kofiirako kalimba, bwererani m'mbuyo mamita angapo, kapena kwezani wilo limodzi lakutsogolo ndi jeke, manja ali kutali chifukwa limazungulira mwadzidzidzi. Kachikasu kakadumpha koma chiwongolero n'kulemerabe, tsegulani mapulagi a mipira iwiri yachitsulo ya kuseri kwa mawilo akutsogolo ndi la bokosi la chiwongolero, muone ngati muli oyilo wa EP90 mpaka pakamwa pa bowo.